Mayi Fazlan Bibi ndi Manda Amene Analimidwa

Mayi Fazlan Bibi anamwalira pa 9 Febuluwale 2019, ali ndi zaka pafupifupi 78. Anaikidwa mawa lake m'mphepete mwa ngalande, osati kumanda a mpingo wathu kumene kwagona amuna awo, chifukwa kumeneko tsopano kuli nzimbe za Chaudhry Dilawar.

Anabadwa cha mu 1941 kuno ku Punjab, m'dziko la Pakistan, m'banja lolima minda ya eni ake. Kusukulu sanapondeko. Mawu a Mulungu anawadziwira m'makutu: bambo awo ankaimba masalimo podula tirigu, ndipo nkhani za mafumu a Israeli anazimva kutchalitchi mpaka kuziloweza. Mu 1958 anakwatiwa ndi Rulda Masih wa m'mudzi muno. Anabereka ana asanu, koma amene anakula ndi Parveen yekha. Anayi enawo anawaika kumanda a mpingo, ndipo mu 1987 anaikakonso amuna awo.

Kuyambira pamenepo anadzipereka kusamalira manda. Mitumbira yathu ndi yadothi, ndipo ikapanda kumatidwa mvula ya Julayi ndi Ogasiti imaisalaza. Pasaka akamayandikira, Mayi Fazlan ankaponda dothi losakaniza ndi mapesi a tirigu n'kumata mitumbira ya abale awo, kenako ya anthu amene abale awo anasamukira kutauni. Ankadziwa amene wagona paliponse. Amayi anzawo ankawaseka kuti, "Iwe Fazlan, akufawo adzakuveka nsalu yanji?" Iwo ankayankha kuti, "Sanandidyepo miseche. Nanga inu?"

Mu 2005 Chaudhry Dilawar, mwini minda yozungulira mudzi, anasankhidwa kukhala wapampando wa khonsolo ya dera lino. Chaka chotsatira mkulu wa mpingo, Khairat Masih, mng'ono wake wa malemu Rulda, analengeza m'tchalitchi kuti Chaudhry walonjeza kumanga mpanda wa njerwa ndi kuwaka manda onse ndi simenti. Anapempha kuti chaka chimenecho pasapezeke womata, pakuti amisiri amafuna nthaka yokhazikika. Mayi Fazlan anamutsatira panja.

"Alamu, nanga mvula?"

"Mvula idzapeza simenti, mlamu. Manja anuwa apumeko, achita kukhala ngati makungwa."

"Akulu anu agona pomwepo."

"Ndiye ine ndingagulitse mkulu wanga?"

Mayi Fazlan anamvera. Njerwa sizinabwere. Pachipata panaikidwa mlonda, akuti wodikira zipangizo, ndipo sankalola munthu kulowa. Omwalira ankaikidwa kungalande poyembekezera mpanda. Mvula inagwa zaka ziwiri. Mu Novembala 2007 kunabwera munthu wa boma woona za malo, napeza tchire losalala. Atafunsa mkulu wa mpingo, Khairat analumbira kuti Akhristu anasiya kalekale kuika maliro pamenepo. Mu Januwale thirakitala ya Chaudhry inalowa m'mandamo, ndipo mwezi womwewo mwana wa Khairat analembedwa ntchito kukhonsolo.

Mayi Fazlan anapita okha kubwalo la Chaudhry, naima poima antchito.

"Bwana, mwalima ana anga."

"Iwe mayi, kafunse mkulu wa mpingo wako. Ine ndalima tchire."

Mayi Fazlan anabwerera kwawo. Lamlungu lotsatira abusa anawerenga za mfumu Ahabu, amene analanda munda wa Naboti, mwiniwakeyo ataphedwa ndi miyala, ndi za mneneri Eliya, amene anamuuza kuti agalu adzanyambita magazi ake. Anthu ankanong'onezana dzina la Chaudhry. Potuluka, Mayi Fazlan anati, "Nonse mwayang'ana Ahabu. Ahabu sanatole mwala. Amene anakonza mboni zonama ndi akulu a m'mudzi mwa Naboti, anthu amene ankadya naye." Khairat anali pakhomo akuvala nsapato, ndipo sanadzutse mutu.

Mpingo unakasuma kukhothi mu 2008. Mlandu unkangoimikidwa. Chaudhry anamanga nyumba yosanja, nakwatitsa ana ake ndi ng'oma. Achinyamata a mumpingo anayamba kuwaputa mayiwa: "Azakhali, agalu a Eliya aja ali kuti? Kapena Chaudhry anawaponyera nyama?"

"Agalu ali ndi Mwini wawo," iwo ankatero. "Sawamasula chifukwa choti iwe watopa."

Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti Mulungu amaweruza olamulira oipa, ndipo ankatchula Farao, Belisazara ndi Herode ngati anthu a m'mudzi woyandikana nawo. Koma palibe amene anawamva akutemberera Chaudhry. Chimene anachita n'kusiya shuga. Kuyambira chaka chimene nzimbe zoyamba zinadulidwa pamandapo, ankamwa tiyi wowawa, chifukwa sankadziwa munda umene shugayo wachokera. Pa Pasaka ankaima m'mbali mwa mundawo, n'kumulozera Parveen pamene pagona aliyense.

Mu 2014 Khairat anafa ziwalo mbali imodzi. Mkazi wake anali atamwalira, ndipo amene ankamupititsira chapati ndi mphodza anali Mayi Fazlan. Parveen anali pomwepo tsiku limene wodwalayo anagwira dzanja la mlamu wake.

"Mlamu, ndinanama. Ndikhululukireni."

"Ndinakukhululukirani kale, alamu. Koma zimene mwandiuza inezi, kauzeni woweruza. Tikunyamulani pangolo."

"Mwana wanga amuchotsa ntchito."

"Anga ali pansi pa nzimbe."

"Ndikachira ndipita."

Sanapite. Anamwalira mu 2015, naikidwa kungalande. Pasaka wotsatira, Mayi Fazlan anamata mtumbira wake monga ankamatira ina yonse. Dzina lake sanalitchulenso.

Matenda omaliza a Mayi Fazlan anali a chifuwa, ndipo sanatenge nthawi. Analandira mgonero, naimba nawo salimo, kenako anaitana Parveen. "Musandiwake ndi simenti. Mundisungitse." Ankanena za mwambo wa amanat, umene timatsata munthu akaikidwa pamalo osakhala ake: mtembo umaikidwa m'bokosi lolimba, ndipo nthaka imauzidwa kuti yangosungitsidwa, eni ake adzabwera kudzatenga. Anamwalira mwakachetechete m'mawa, mutu uli pamiyendo ya mwana wawo.

Kumanda, asanakwirire, Parveen anagwada n'kugwira dothi. "Nthaka iwe, awa ndi amayi anga. Sitinakupatse, takusungitsa. Malo awo ali pambali pa bambo."

Amayi a mumpingo agawana mitumbira ya kungalande, ndipo chaka chino yonse yamatidwa. Chaudhry Dilawar ali moyo, ndipo akudwala mawondo okha. Mboni imene ikanathetsa mlandu inamwalira isanalankhule. Khothi lauimikanso, ndipo tsiku lina silinatchulidwe. Bokosi likadali kungalande.