Mphini za Azakhali

Khungu langa lajambulidwa kambiri kuposa nkhope yanga. Pakapita miyezi ingapo ndimapempha tsiku ku fakitale ya ku Spartan kuno ku Joni, komwe ndimalongedza makatoni, n'kupita kuchipatala. Adokotala amandijambula thupi lonse, kenako amaika kagalasi kowala pa kadontho kalikonse, n'kuyerekeza ndi zithunzi zakale. Matendawa ndi akumtundu, ndinatengera bambo anga. Amatulutsa timadontho, ndipo tina timasanduka khansa. Kadontho kakasintha, amakachotsa kasanakule.

Azakhali anga, amene anandisunga ku Vosloorus nditangofika ku Joni, zimenezi sankafuna n'kuzimva komwe. Kwa iwo mkazi wovula pamaso pa kamera ndi wopenga, ndipo timadonthoto tinali ntchito ya anthu ansanje akumudzi. Tsiku lina anandikhazika pansi, n'kunditema mphini kuzungulira kadontho ka paphewa, n'kupakamo mankhwala akuda. Ndinalola. Munthu wokusunga m'nyumba mwake ungamukanire bwanji?

Nditabwerera kuchipatala, adokotala anasuzumira pa kagalasi kaja n'kupukusa mutu. Mankhwala ndi zipsera zinali zitaphimba zonse, moti sakanadziwa ngati kadonthoko kasintha kapena ayi. Anadula malo aakulu kuposa omwe akanadula. Inali khansa. Ndinapsa mtima, osati ndi azakhali okha, komanso ndi ulemu wanga wopusawo.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi, wa zaka khumi ndi zisanu, anatuluka kadontho kotereka kuseri kwa khutu. Lamulungu titaweruka kutchalitchi, azakhali anafika ndi kachikwama kawo, n'kutulutsa lezala yatsopano.

"Bwera kuno, mama, tikutchinjirize," anatero kwa mwanayo.

Ndinaima pakati pawo. "Azakhali, bwezani lezalayo m'chikwama."

"Hayibo! Iwe ukuyankha ine? Ndinkakudyetsa ulibe ndi mapepala omwe!"

"Munandidyetsa, sindikukana. Koma khungu la mwana uyu simulikhudza. Lachiwiri akukajambulidwa."

"Ukamuvulitse pamaso pa amuna achilendo?"

"Ndikamuvula ndekha, ndipo ndikakhala nditamugwira dzanja."

Anatuluka osatsanzika, ndipo mpaka lero foni yanga sayankha. Zimandiwawa, sindinama, chifukwa ku Joni kuno mbale wanga wina ndilibe. Koma Lachiwiri limenelo kadontho ka mwana wanga kanaoneka bwinobwino pa sikirini, m'mphepete monse poyera, ndipo adokotala anakachotsa kakadali kakang'ono ngati njere ya mpiru.