Tayala lomwe silinaphwe

Mtima wanga unayamba misala yake ndili pa chiwongolero, minibasi itadzaza, tikuchoka ku Kafue kupita ku Lusaka. Unangoyamba kuthamanga ngati injini imene munthu waponda mafuta giya asanalowetse. Thukuta linatsika, m'maso munachita mdima pang'ono, ndipo patapita mphindi zingapo unakhazikika wokha. Ndinanamizira tiyi wa mayi wina wa pa siteshoni, amene amathira masamba ngati wakwiyira munthu.

Zitachitika kachinayi, mkazi wanga anandikokera kuchipatala, ndipo a kumeneko anatitumiza ku Lusaka kwa dokotala wa mtima, mtsikana woti ndikanatha kumubala. Atandiyeza anati mtima uli ndi magetsi ake, ndipo wanga uli ndi kanjira kowonjezera kamene kamasokoneza kagundidwe. Zimenezo ndinazimva msanga, poti mawaya a galimoto ndalimbana nawo zaka zambiri. Njira zinali ziwiri. Ndikanatha kumamwa mapiritsi tsiku ndi tsiku, kapena kulola kuti alowetse kawaya mumtsempha wa m'mphechepeche, kayende mpaka mumtima, awotche kamalo kolakwikako.

"Kuocha?" ndinafunsa. "Ba dokota, mutima si chimanga."

Sanaseke kwambiri. Anandiuza mosabisa kuti ambiri amachira, ena vuto limabwerera, ndipo mwa apo ndi apo motowo umakhudza njira yabwino, munthu n'kufunika kumuika kamakina pansi pa khungu moyo wake wonse. Anawonjezera kuti ndisanyamule anthu mpaka mtima utakhazikika. Ndinasankha mapiritsi. Ndinkachita mantha, ndipo palibe chifukwa china.

Mapiritsiwo ankandifooketsa, koma kwa miyezi iwiri mtima unakhala phee. Kutchalitchi kwathu ku Nangongwe anali atandisalira kudya masiku atatu. Kumeneko tili ndi chizolowezi chakuti munthu amene mpingo wamupempherera amabwera kutsogolo ulaliki usanayambe, n'kunena zimene Mulungu wachita. Palibe amene amakukakamiza, koma Lamlungu lililonse maso amakufunsa. Tsiku lina ndinaimirira, ndipo pakamwa panga, pamene sipachedwa kuthamanga, panapitirira malire. Ndinati ndachira, ndipo palibe waya amene adzalowe m'thupi langa. Azimayi analuluta, woimba kiyibodi anakweza mawu. Abusa, kunena chilungamo, anandinong'oneza pondikumbatira kuti mankhwala ndisasiye. Koma munthu wochira amamwa bwanji mapiritsi? Ndinayamba kudumphitsa masiku, n'kubwerera pamsewu.

Vutolo linabwerera tsiku lina masana, titangopitirira mafakitale. Ndinaimika basi pambali, n'kuuza anthu kuti ndikuona tayala. Ndinakanjuta kumbuyo, dzanja pa tayala, n'kugwira mpweya ndi kudzikakamiza monga anandiphunzitsira dokotala, mpaka mtima unabwerera m'malo mwake. Ndinamenya tayalalo kawiri ndi phazi kuti anthu aone, ulendo n'kupitirira. Ndinadziona wochenjera. Kuyambira pamenepo tayala lakumbuyo linkavuta kawiri kapena katatu pa sabata.

Ndinkadziuza kuti ndikuteteza dzina la Mulungu, kuti ofooka m'chikhulupiriro asakhumudwe. Lero ndikuona kuti dzina limene ndinkateteza linali langa. Kubwerera kwa dokotala kunatanthauza kubwereranso kutsogolo kwa mpingo n'kumeza mawu anga, anthu amene anandisalira kudya akundiyang'ana.

Koma ku Kafue n'kochepa. Mayi wina woyandikana nafe, wogulitsa nsomba zouma, anakwera basi yanga katatu, ndipo anakadandaula kwa mkazi wanga kuti amuna anu agule matayala, akutichedwetsa. Loweruka ndinapeza mkazi wanga akuchapa pakhonde, ndipo sanadzutse mutu.

"Imwe, ni tayala iti yamene ivuta? Si mwezi watha munaika yanyowani yonse?"

"Nili che bwino," ndinatero.

"Sininafunse za imwe. Nafunsa za tayala."

Anafinya malaya anga mpaka madzi anatha, n'kuwaponya m'beseni.

"Thupi ni yanu. Ngati muyopa waya, sinizakukakamizani, naine niyopa. Koma mwana namuuza kale, pa Monday azakwela basi inangu."

Mwana wathu wamkazi amaphunzira ku koleji ku Lusaka, ndipo Lolemba lililonse ankakhala pampando wakutsogolo, pambali panga, akundiuza nkhani za aphunzitsi ake. Ndinapsa mtima. Ndinati m'nyumba mwanga munthu wondiweruza mulibe, ndinanenanso zina zimene sindingalembe pano. Lamlungu ndinakhala kumbuyo m'tchalitchi, osaimba.

Lolemba m'mawa ndinali pamzere pa siteshoni, basi ikudzaza. Ndinamuona mwana wanga akubwera ndi chikwama chake. Anadutsa pafupi ndi zenera langa, n'kundipatsa moni mwaulemu, maso ali pansi, kenaka anakalowa m'basi ya mnzanga imene inali kumbuyo kwanga, yoti inyamuka mochedwa. Zinandiwawa kwambiri. Pampando wakewo panakhala mtsikana wina wamsinkhu womwewo, atanyamula mabuku, akudya chitumbuwa. Ndinayang'ana pagalasi. Munali mayi wobereka khanda, bambo wachikulire atagwira envulopu ya kuchipatala, ndi ena amene ndimawadziwa nkhope. Mwana wanga anali ndi mayi womuchenjeza. Awawa panalibe wowauza.

Ndinazimitsa injini. Ndinapempha anthu onse kuti atsike akakwere yakumbuyo, ndipo anang'ung'udza monga amachitira anthu a pa ulendo. Wina anafunsa ngati basi yawonongeka.

"Basi ili che bwino," ndinayankha. "Ni ine nidwala."

Makiyi ndinakapereka kwa mwini basi, ndipo tsiku lomwelo ndinaimbira dokotala uja kuti andilembe, akandilowetse kawaya kaja. Mantha sanachoke, ndipo kawayako ndimakaganizirabe ndikamasamba. Tsiku andipatsa kale. Lisanafike, pali Lamlungu limene ndiyenera kuimirira kutsogolo popanda wondilulutira, ndiuze anthu amene anandisalira kudya kuti ndinalankhula msanga, kenaka ndinanama, ndipo ndikufuna andipemphererenso.