Kadontho kofiira pa kabudula wothamangira

Woyamba kuona ndinali ine, osati eni ake. Unali mwezi wa Juni, titangokolola mpunga. Ndikuchapa kabudula wothamangira wa amuna anga, bambo a Tamanda, ndinapeza kadontho kofiira kutsogolo kwake. Ndinati mwina ndi katondo. Sabata yotsatira ndinakapezanso, ndiye ndinawafunsa. Anaseka n'kunena kuti mwamuna aliyense wokulira kunyanja kuno anakodzapo magazi, ndipo iwo ali ana ku Mtakataka ankanyadirana kuti kukula n'kumeneko. Ine ndinakulira kumapiri ku Bembeke, zakunyanja sindinkazidziwa, choncho ndinakhala chete ngakhale mtima sunakhazikike.

Bambo a Tamanda ndi mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Golomoti. Anayamba kuthamanga atakula kale, mimba itayamba kuwatsogolera panjira. Anthu ankawafunsa kuti akuthawa ndani, koma iwo analibe nazo. Ankathamanga m'mbali mwa ngalande za minda ya mpunga ku Bwanje chifukwa njira yake ndi yosalala. Kuno kumatentha, ndiye akamaliza ankavula nsapato n'kudziviika m'ngalandemo mpaka m'khosi, ati madziwo amachotsa kuphwanya kwa miyendo. Cholinga chawo chinali kukathamanga marathoni ku Blantyre. Zopambana analibe nazo maganizo, ankangofuna kumaliza n'kubweretsa mendulo yokaonetsa ana a sukulu.

Pofika Ogasiti anayamba kutopa msanga. Akachoka kokodza ankabwera nkhope itakwinyika. Zikhatho ndi m'maso mwawo munayera. Ndinawachonderera kuti tipite kuchipatala ku Mua, iwo n'kumati tipita tikabwerako ku Blantyre. Ndinkadziwa chomwe ankaopa: adokotala akanawaletsa ulendowo. Tinakangana mpaka ndinatopa.

Ulendo utakwana ndinawauza kuti ndipita nawo kukaona mchemwali wanga ku Ndirande. Zoona zake, mtima sunandilole kuwasiya okha. Tinakwera minibasi mpaka ku Balaka, kenako basi. Njira yonse iwo ankangosinza, chikwama cha nsapato atachikumbatira ngati mwana.

Tsiku la mpikisano ndinakaima pomalizira ndi nthochi ndi botolo la madzi. Anafika anyamata, anafika amayi, anafika ngakhale abambo ena a imvi akutsimphina. Anga osaoneka. Dzuwa litakwera, mmodzi wa oyendetsa mpikisano anayamba kuitana dzina lawo, kufunsa ngati panali wachibale. Ndinathamangira pomwe iye anaima. Amuna anga anali atagwa pachitunda, atangopitirira theka la mtunda, ndipo ambulansi inali itawatengera kale kuchipatala.

Ndinawapeza ali pa diripi, milomo itauma, akuyankhula movutika. Anawatenga magazi ndi mkodzo, ife n'kudikira mpaka madzulo. Adokotala atabwera anafunsa kuti, "Bambo, munayamba liti kukodza magazi?" Iwo anayang'ana kukhoma. Ndinayankha ndine.

"Ili ndi likodzo," anatero adokotala. "Magazi akhala akutha pang'onopang'ono. Munthu wa magazi ochepa chonchi sayenera kuthamanga ngakhale kuthamangira basi."

Anawaika magazi. Ndinakhala pambali pa bedi ndikuyang'ana thumba la magazilo likudontha, ndili ndi mantha osaneneka, komanso mkwiyo womwe ndinasowa pouika, chifukwa wodwala sumukalipira. Atapezako mphamvu achipatala anatitulutsa n'kutiuza kuti tikapitirize chithandizo kufupi ndi kwathu.

Ku Mua tinkalawirira kuti tikapeze malo pabenchi. Kumeneko ndinaona kuti sitinali tokha: panali asodzi, alimi a mpunga, ena atanyamula timabotolo ta mkodzo wofiira ngati wawo. Anawayeza pasikelo n'kuwapatsa mapiritsi akuluakulu oti amwe atadya. Tsiku limenelo anachita chizungulire, m'mimba munawapota, anagona tsiku lonse. Namwino anali atatichenjezeratu kuti zimatero. Anatiuzanso kuti tizilombo take timachokera m'nkhono za m'madzi odekha ndipo timalowera pakhungu, choncho kusamba kwa m'ngalande kuja kunali kudzipereka okha. Atawaunika m'mimba ndi makina anapeza kuti chikhodzodzo chili ndi zilonda ndipo impso imodzi yayamba kutupa. Adokotala sanachulutse mawu: "Mukanachedwa chaka china, bwenzi tikukamba za impso."

Kuchira kunatenga miyezi. Ankamwa mapiritsi owonjezera magazi, ine ndikuwaphikira bonongwe, nyemba ndi usipa mpaka anayamba kudandaula. Koma chowawa kwambiri sichinali m'thupi. Nsapato zija anaziponya pansi pa bedi. Ana a sukulu akawafunsa za mendulo, iwo ankabwera kunyumba atakhumudwa. Tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa nyumba akupukuta misozi. Ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa munthuyu sanali wouma mutu chabe, anangokhulupirira zomwe anauzidwa ali mwana. Ndinangotulutsa nsapatozo n'kuzichapa.

Mvula itayamba tinabwerera ku Mua. Mkodzo unapezeka wopanda mazira a tizilombo, magazi anali atabwerera, impso ija inaphwa. Anawalola kuyamba ndi kuyenda ndawala. Chaka chotsatira tinakweranso basi ya ku Blantyre. Anamaliza ali m'gulu la otsiriza, magalimoto atayamba kale kudutsa pamsewu, koma anamaliza ndi miyendo yawo. Ine ndinalira pagulu osachita manyazi. Mendulo ija anakaionetsa kusukulu, ndipo tsiku lomwelo anawauza anawo kuti magazi mumkodzo si kukula, ndi matenda.

Lero ali bwino. Amathamangabe m'mbali mwa ngalande, koma posamba amabwera kunyumba kudzasamba madzi a pamjigo. Inu amene mukuona magazi pokodza, kaya ndi inu, mwamuna wanu kapena mwana wanu, musadikire kuti munthu agwe pamsewu. Pitani kuchipatala likodzo lisanafike pa impso, mankhwala ake alipo. Ndipo amayi anzanga, mukaona chinthu musakhale chete ngati mmene ndinachitira ine mwezi wa Juni uja. Kabudula uja ndimamuchapabe ndine, ndipo ndisanamuviike m'madzi ndimayamba ndamuyang'ana kutsogolo.