Pule ya Pijo ya Hatibu

Hatibu anabadwira ku Chawama, m'nyumba imene bambo ake anamanga atachoka ku Machinga kudzasoka zovala mu Lusaka. Iye makina osokera sanawakonde. Mtima wake unali pa injini, ndipo anagwira umakanika pa galaja ya kampani ina ya boma kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitayamba. Mu 1994 kampaniyo inagulitsidwa. Ogulawo anabwera ndi anthu awo, ndipo Hatibu anabwerera kunyumba ndi ovolosi ndi bokosi la masipanala.

Ntchito sinapezekenso. Misewu inadzaza magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, ndipo eni ake ankafuna anyamata odziwa mawaya. Mkazi wake, Thuwaiba, anayamba kuoda salaula, zovala za kaunjika, ku masitolo a ku Kamwala n'kumagulitsa pamsika. Hatibu ankatsala pakhomo ndi mayi ake, a Binti, amene miyendo inali itatupa ndipo maso ankangoona zithunzithunzi.

Pabwalo panali galimoto ya Pijo 404 ya malemu bambo ake, itakhala pa mabuloko a simenti. Matayala ankasungidwa kunsi kwa bedi kuopa akuba.

"Bambo ako anati adzandibweza kwathu pa galimoto iyi," anatero a Binti tsiku lina. "Ulendo wa pa basi sindingauthe, ndingafere panjira. Tsopano ntchito ulibe. Ukudikira chiyani?"

Hatibu ku Malawi anali asanapondeko. Koma anavomera, chifukwa zinamupatsa chodzukira m'mawa.

Anabwereka batire kwa Blackson, mnzake wa kugalaja amene tsopano ankagulitsa makala pangodya. Injini inalira, koma oyilo ankakhuthukira pansi kuchokera kutsogolo. Mphira wotchinga oyiloyo unali utatha, ndipo kuti aufike anayenera kuchotsa pule, kagudumu kachitsulo kamene lamba wa injini amazungulirapo. Puleyo imavekedwa kunsonga kwa kiranki, mtanda umene umazungulira m'kati mwa injini, ndipo iyi inali isanachotsedwepo chigulireni galimotoyo.

Bauti yake inavuta koma inagonja. Hatibu analowetsa chingwe pabowo la pulagi kuti injini isazungulire, anaveka paipi yaitali ku sipanala, n'kuitsamira ndi thupi lonse mpaka inalira n'kumasuka. Pule ndiyo inakana. Dzimbiri linali litaiphatika ku kiranki. Anaithira palafini m'mawa ndi madzulo. Anaimenya ndi nyundo atatsamiritsa thabwa. Anabwereka chokokera cha zala zitatu, chala chimodzi n'kuthyoka, mwini wake osamulankhulanso.

Dzinja linadutsa, chisanu chinabwera. M'mawa uliwonse a Binti ankakhala pamkeka pakhonde, atayang'ana kumene kunkamveka nyundo.

"Yachoka?"

"Pang'ono, amayi."

Thuwaiba ankabwera madzulo mtolo uli pamutu, n'kuyang'ana mwamuna wake ali wakuda ndi oyilo. Ankamuitana ndi dzina la mwana wawo, Firdaus. "Batate ba Firdaus, vinthu ivi vizatha liti? Kuli bamwenye ku Kamwala bafuna munthu wotsegula mabelo a salaula."

"Ndine makanika ine."

"Nidziwa. Manje tizadya chitsulo?"

Hatibu ankangopukuta manja. Kusiya kunali kuuza mayi ake kuti kwawo sadzapitanso. Kupitiriza kunali kudya thukuta la mkazi wake. Choncho ankangolowa pansi pa galimoto, kumene palibe amene ankamuona nkhope.

Tsiku la ngoziyo kunkatentha, ndipo m'mipata ya nyumba munali zii chifukwa madzi anali atangobwera pampopi wa onse, amayi onse atathamangira kumeneko. Hatibu anagona chagada kunsi kwa injini kuti aimenye puleyo chakumbuyo ndi chitsulo chachitali. Anamenya, anamenyanso mokwiya. Buloko imodzi ya kutsogolo, imene mvula inali itaidya, inaphwasuka. Galimoto inapendekera n'kutsika.

Chitsulo cha kunsi chinamupanikiza mkono wamanja, pakati pa chigongono ndi dzanja, ndipo china chinamukhala pachifuwa. Ankapuma pang'onopang'ono ngati womwa madzi otentha. Anayesa kufuula, mawu osatuluka. Fumbi la dzimbiri linkamugwera m'maso, ndipo chimene ankaona ndi mapazi otupa a mayi ake pakhonde.

"Hatibu? Chagwa n'chiyani?"

"Amayi," ananong'ona. "Itanani anthu."

A Binti anali asanatuluke pampanda kwa nthawi yaitali. Anatsika pakhonde chokwawa, akupapasa ndi manja. Anagunda beseni lachitsulo, analitenga, n'kumalikoka mpaka pampata. Atafika anakhala pansi n'kuyamba kulimenya ndi mwala, akufuula m'Chiyao chimene palibe wapafupi ankachimva. Hatibu ankamva beseni likulira, zala zake zikuzizira, mpaka anasiya kuzimva.

Amene anabwera anali amayi a kumpopi, ndowa atazisiya pamzere. Mmodzi wa iwo, Christine, wonenepa ndi wa mawu aakulu, anasuzumira kunsi.

"Ba Hatibu, muli moyo? Musagwedezeke!"

Anazula mtengo wa chingwe choyanikira zovala, anaupisa kunsi kwa galimoto atautsamiritsa pa mwala, ndipo amayi anaukanikiza pamodzi. Ena anagwira bampala. Galimoto inakwera pang'ono, ndipo Christine anamukoka miyendo ngati thumba la chimanga.

Kuchipatala anati fupa lathyoka pawiri. Linalumikizana, koma zala zinakhala zopinda. Kapu ankaigwira, sipanala ayi.

Atatuluka m'chipatala, Blackson anabwera ndi mbaula yodzaza makala oyaka. Anayamba waika galimotoyo pa zitsa za mitengo, kenako anaunjika makala pa lata pansi pa pule n'kumapepeza. Chitsulo chitatentha, anachimenya mwamphamvu. Pule inachoka, koma inagwa pansi ili zidutswa ziwiri.

"Yachoka?" anafunsa a Binti, atamva kugwa kwa chitsulo.

Blackson anayang'ana mnzake.

"Yachoka, amayi. Koma yasweka. Tifuna ina."

Anaifunadi. Anazungulira m'masitolo a zitsulo m'tauni atanyamula zidutswazo m'pepala. Anyamata a m'masitolomo ankaziyang'ana n'kupukusa mitu. Ena ankati afunse ku Kitwe, ena ankati magalimoto otere anatha kalekale. Wina anamuuza za Pijo yakufa ku komboni ya Linda. Atafika anapeza injini itagulitsidwa kale kwa osungunula zitsulo.

A Binti anasiya kufunsa. Anasiyanso kutuluka pakhonde. Mvula yoyamba itagwa anamwalira, ndipo anaikidwa mu Lusaka tsiku lomwelo, monga mwa mwambo wa Chisilamu.

Hatibu anapita ku Kamwala. Kumeneko ankadula mawaya a mabelo ndi dzanja lamanzere, ndipo makasitomala ankamuitana kuti mudala. Galimoto inatsala pa zitsa. Anthu ogula zitsulo ankabwera kudzaifunsa, iye n'kumawauza kuti abwere tsiku lina.

Lamlungu lina Blackson anamupeza atakhala pakhonde.

"Iwe, mabasi a ku Lilongwe ni ambiri manje. Pita ukauze abale kuti amayi anagona. Chabe ukabwere."

Hatibu anasisita zala zopindazo. "Dzina la mudzi ndikulidziwa. Koma amene ankadziwa njira ndi amayiwo. Ndikatsika basi, ndikafunsa ndani? Ndikati ndine mwana wa yani?"

Blackson anakhala naye pang'ono, kenako anadzuka kubwerera ku makala ake.