Tadala walowa koleji lero

Moni nonse ana anga.

Tadala walowa koleji lero! Ndamuperekeza ndekha kuchokera kuno ku Area 23, chikwama chili pamiyendo panga mu minibasi, chifukwa makondakitala sindiwakhulupirira.

Titangofika pageti, mtsikana wina wathamangira kwa ife akumwetulira: "Agogo, bweretsani ndikunyamulireni." Ine ndiye ndachigwiritsitsa. Ndakumbukira mmene anyamata akuluakulu anamulanda shuga mwana wanga Yamikani atangoyamba Folomu 1. Ndati, "Ndiwe yani, wakutuma ndani?" Akuti ndi Chisomo, wa chaka chachitatu, koleji inamusankha kuti azithandiza ana atsopano. Chikwama sindinamupatse, koma watizungulitsa ponse: kogona, ku laibulale, m'makalasi aakulu ngati tchalitchi. Mdzukulu wanga azikhala mmenemo!

Koma imvani izi. Kumeneko kulibe belu! Chisomo akuti, "Agogo, kuno ukagona palibe wokudzutsa. Aphunzitsi salemba manotsi pabolodi, amangolankhula, zotsalazo ukafufuze wekha." Tadala yemwe ndimachita kumuvundukula bulangeti m'mawa uja? Chisomo waseka, akuti azimugogodera chitseko mpaka azolowere.

Ndakondwa, sindikubisa. Koma mwana wa eni ake angakome mtima chonchi popanda chomwe akufuna? Ndamuitana Loweruka kunyumba kuti ndidzamuyang'ane bwino m'maso, ndipo wavomera msangamsanga, zomwenso sizinandisangalatse kwenikweni.

Inu mukuti bwanji? Ndimuphere nkhuku, kapena ayambe wamwa tiyi kaye tione?