Laputopu ya Mariamu yasiya kuzima

Salaamu nonse, kuno ku Balaka lero kuli chimwemwe.

Mwana wanga Mariamu akuyenera kupereka ntchito yake ya makompyuta mawa ku koleji. Koma akangodina kompayila, yomwe imasandutsa zolemba zake kukhala pulogalamu, laputopu inkazimiratu. Chonsecho kapulogalamu kake ndi kakang'ono zedi.

Ndinati, "Tipite nayo kwa okonza ku Liwonde."

Iye anati, "Iyayi ababa, taigwirani pansipa mumve kutentha."

Titatsegula, tinapeza fani yoziziritsa yatsekeka ndi thonje. Paja kokolola ku Utale ankawerengera pamwamba pa mabelo a thonje. Tachotsa, wayesanso, ndipo pagalasi patuluka mawu akuti "Sikomo ababa." Misozi inalengeza, sindinama.

Tsopano akufuna akapitirize maphunzirowa ku Blantyre. Amalume ake, mukuti bwanji, timulole?