Bokosi la Achemwali Linapepuka

Ndinadzuka kusanache, khosi litauma chifukwa ndinagona chokhala, nditatsamira khoma la siwa. Amayi a mpingo amene anachezera kuimba anali atatopa, nyimbo itatsala pakamwa pa awiri atatu okha. Kunja moto wa azibambo unali utasanduka makala. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo kwathu kuno kwa Katunga mwezi umenewu ngakhale m'bandakucha munthu umatuluka thukuta. Pakati pa nyumba panali bokosi la achemwali anga aakulu, a Melifa. Pambali pake panakhala amayi athu, maso ali tong'o, dzanja lili pa chivindikiro. Sanagone, ndipo chimwalirireni mwana wawo anali asanaike kanthu mkamwa.

Ine ndinali ndi katundu wina pamwamba pa chisonicho. Pa abale onse ndine ndekha ndinkadziwa chimene chinapha achemwali, ndipo pemphero langa linali loti tsikulo lithe amayi asanachimve.

A Melifa anali munthu wa thupi. Ankagwira ntchito pa kampani ina ku Blantyre, ndipo akabwera kumudzi amayi ankayenda nawo kutchalitchi pang'onopang'ono kuti aliyense awaone. Amayi anatilera m'zaka za njala ndi madzi osefukira, tikudya nyika, mizu ya kakombo wa kudambo, choncho kwa iwo mwana wonenepa unali umboni woti mavuto anatha. Koma thupilo linabwera ndi shuga, kuthamanga kwa magazi ndi mawondo okana kukwera masitepe. Kudya nako achemwali ankakukonda, sankabisa. Ankati akakhumudwa amadya, akasangalala amadyanso. Madokotala atawauza kuti akapitiriza choncho sakhalitsa, anapita ku Indiya kukachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu. Amadula mbali yaikulu n'kusoka kotsalako, kuti munthu azikhuta ndi kachakudya kochepa. Kwathu achemwali anandiuza ine ndekha, n'kundilumbiritsa. "Amayi usawauze. Angamve bwanji zoti munthu wakwera ndege kukadulitsa mimba yabwinobwino?" Kwa amayi tinati apita ku maphunziro a kuntchito.

Patatha milungu ingapo anabwera kudzapuma kumudzi, masaya atalowa, zovala zikulendewera. M'chikwama ankayenda ndi kakapu ka tiyi koyezera phala lamadzimadzi, poti anawalamula kuti asadye cholimba mpaka bala la mkati litapola. Mantha anali nawo. Ankandigwiritsa pamimba pawo kuti ndimve ngati patentha, n'kumandiwerengera pa foni zizindikiro zoti ulusi wamasuka. Koma amayi ataona mwana wawo ataonda chotero, anapha mbuzi. Anaphika mpunga, chiwindi ndi nthumbwana, n'kukhala pamphasa moyang'anizana nawo. Kwathu kuno mbale ya mayi wako subweza. Achemwali anadya pang'ono, anati akhuta. Amayi anawonjezera, misozi ikulengeza. "Idya ndione, mwananga. Anthu akunena zambiri." Ndinati amayi asiyeni, koma anandikalipira kuti ndikuchita nsanje ndi nyama. Ndisaname, fungo nalo linawagonjetsa achemwali, munthu amene wakhala milungu akumwa phala lokha. Anamaliza mbale yonse.

Madzulo omwewo anayamba kusanza. Kutacha thupi linatentha, ululu ukuchokera pamimba mpaka paphewa. Anaumirira kuti ndi malungo, poopa kuti akanena zoona amayi amva. Nditawatengera kuchipatala n'kuulula kwa adokotala, anatitumiza ku Blantyre mwachangu, koma zam'mimba zinali zitatayikira kale mkati. Tinakwera mapiri a Chikwawa ndi munthu wamoyo, tinatsika ndi mtembo.

Kutayamba kuyera ndinatuluka kukasamba m'maso. Kuseri kwa nyumba amayi a m'mudzi anali atasonkha kale moto pa mafuwa, migolo ya madzi ikubwera pa ngolo kuchokera ku mjigo. Ena ankasankha nyemba, ena ankadula kabichi, ena ankaviika milamba yowamba. Utsi sunkakwera, unkangoyandama pabwalo poti kunalibe mphepo. Ndinaona mlamu wanga, mkazi wa achimwene athu, atakhala yekha pansi pa mtengo wa masawu, manja ali pamiyendo. Zinandidabwitsa, chifukwa ameneyu pamaliro sakhala pansi, ndiye amagwira mthiko waukulu. Atanyamuka kuti atenge ndowa, mayi wina anamulanda mwakachetechete n'kupatsa mnzake.

Sindinachedwe kumva nkhani yake. Tsiku la mbuzi lija mlamuyo anabweretsa thobwa, achemwali n'kulawako. Ife tikuimba m'nyumba, kunja anthu anali ataweruza kale mlandu. Ena ankati ndi matenda aja amene anthu satchula dzina, koma ambiri anagwirizana pa thobwa. Nditamuyandikira anandiyang'ana ndi maso otupa. "Ine nkhabe dziwa chinthu, mulamu," anatero m'Chisena chakwawo, kutanthauza kuti sakudziwa kanthu. Ndinapsa mtima. Pamaliro pakamwa pa anthu sipatopa, kutafuna ndi kujeda zimayendera limodzi. Mkaziyu kwawo ndi ku Nsanje, pafupi analibe m'bale, ndipo tonse timadziwa zimene zimachitikira munthu amene walozedwa chala pamanda.

Ndinakafuna amalume, mwini mbumba yathu, chifukwa mwa mwambo ndiwo amaimirira pamaso pa anthu kufotokoza mmene matenda anayendera. Ndinakumana nawo akuchokera kumanda kokaona adzukulu. Ndinagwada panjira pomwepo n'kuwauza zonse, za ku Indiya, za kakapu, za mbale ija. Anamvetsera akudzikupiza ndi chipewa.

"Ndiye ndikaime pagulu ndinene kuti mlongo wanga wapha mwana wake ndi mpunga?"

Ndinawapempha kuti anene za opaleshoni zokha kuti mlamu apulumuke, za chakudya asatchule.

"Mayi ako si mwana," anatero, n'kundisiya ndili chigwadire.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kufika. Ena anabwera pa kabaza kuchokera ku Nchalo, ena anawoloka Shire pa bwato m'mamawa, miyendo ili ndi matope ouma. Pamsewu panaikidwa masamba, ndipo gulu lililonse likafika pamenepo azimayi ankayamba kulira, kulirako n'kumakula mpaka pakhomo la siwa. Kenako panafika minibasi ya anzawo a kuntchito a achemwali. Anatsika atavala zakuda, mabotolo a madzi ali m'manja, nsapato zazitali zikumira m'fumbi. Kutentha kunawalandira bwino. Tenti inadzaza, otsala anakhala m'mithunzi ya mitengo, mthunzi ukasuntha nawonso ankasuntha. Gogo wina anakomoka, anamuthira madzi n'kumugoneka pakhonde.

Chakudya chitapsa, mbale zinayenda m'magulumagulu. Ndinkathandiza kugawa, ndipo kulikonse kumene ndadutsa ndinkamva mawu omwewo. Idyani. Onjezerani. Mwasiyiranji? Mawu amene ndawamva chibadwire, amene inenso ndimauza alendo anga. Tsiku limenelo ankandilasa mumtima. Azakhali ena anapititsa phala kwa amayi, amayi anatembenuzira nkhope kukhoma.

Nthawi yoona nkhope itakwana, mzere unayenda bwino mpaka anafika amene anawaona achemwali komaliza chaka chatha. Amenewa ankaima, dzanja pakamwa, mpaka wam'mbuyo kuwakankha. Mayi wina ananong'ona kuti si iyeyu. Amayi sanayang'ane aliyense. Anangokonza duku la mwana wawo, limene linali litapendekeka pang'ono.

Bokosi litatulutsidwa pabwalo, amalume anaimirira. Anapereka ulemu kwa mafumu ndi a mpingo, kenako analankhula mosazungulira. "Mwana wathuyu palibe amene anamuchita chipongwe. Anachitidwa opaleshoni ya m'mimba kunja, pofuna kuchepetsa thupi limene linkamudwalitsa. Ulusi wa mkati unamasuka bala lisanapole. Amene ali ndi nkhani ina aisiye pompano, asapite nayo kumanda." Bwalo lonse linachita phokoso lapansipansi. Wina kumbuyo kwanga anati mavuto ena ndi odzigulira. Ndinafuna kutembenuka ndimuyankhe, koma maso anga anali pa amayi. Anakweza mutu kuyang'ana mlongo wawo, n'kuweramanso. Amalume anakhala pansi osatchula mbuzi kapena mpunga. Ndinapuma, ndinati basi tawoloka.

Kenako anaitana woimira a kuntchito. Anali mayi waulemu, ndipo ankaoneka kuti ankawakondadi achemwali. Anayamikira khama lawo, ananena za nthabwala zawo. Pofuna kutiseketsa pang'ono, anati atabwerako ku Indiya anzawo ankawaseka ndi kakapu kawo, poti madokotala anawaletsa chakudya cholimba, ndipo iwo ankamvera ngati mwana wa sukulu, ngakhale kachidutswa ka nyama osalawa. Anthu ena anasekadi. Mayiyo sankadziwa chimene wachita, ndipo sindimuimba mlandu. Dzanja la amayi, limene linali pa bokosi kuyambira dzulo lake, linatsika pang'onopang'ono n'kugwera pamwendo.

Za ulaliki sindikukumbukako kanthu. Ndikukumbuka anyamata onyamula bokosi. Anadzikonzekera ngati akukweza thumba la chimanga pa ngolo, poti a Melifa amene ankawadziwa anali olemera. Atakweza, bokosi linanyamuka msanga mpaka wakutsogolo anadzandira. Anayang'anana. Ine pamenepo ndi pamene ndinalira mokweza, kulira kumene ndinali nditakusunga kuyambira ku Blantyre.

Njira ya kumanda imadutsa m'minda ya thonje imene inali itakololedwa kale. Nthaka yakuda inali itang'ambika ming'alu yolowa phazi la mwana. Kwaya inali patsogolo, bokosi pakati, ife azimayi m'mbuyo, fumbi likutilowa mkamwa poimba. Kamvulumvulu anadutsa pakati pa mzere n'kuulutsa mapesi ndi duku la mayi wina. Cha ku mapiri a Thyolo kunachita mitambo yakuda, anthu anayang'anako, koma mvula sinabwere. Kumanda tinapeza kuti adzukulu nawo anakumba dzenje lalikulu pokumbukira thupi lakale lija. Bokosi litatsika, m'mbali monse munatsala malo. Dothi louma linkagunda pa chivindikiro mwaphokoso. Amayi anaika nkhata yawo ya maluwa osalira, anangoigwira nthawi yaitali mpaka amalume anawadzutsa.

Pobwerera, amene anagwira amayi mkono anali mlamu wanga uja. Azimayi amene anamulanda ndowa m'mawa anapatuka kuwapatsa njira, maso ali pansi. Palibe anapepesa, ndipo sindinayembekezere kuti wina apepesa.

Pofika madzulo bwalo linali litayera. Minibasi inapita, a kutsidya anathamangira bwato kusanade. Panatsala phulusa m'mafuwa, mipando ya kutchalitchi itasanjikizidwa pakhonde, ndi agalu akulimbirana mafupa. Abale ochepa otsalira kudikira mwambo wa kusesa anakhala panja akulankhula motsitsa. Azakhali anandipatsa mbale ya phala. Anati amayi akapanda kudya lero tiika maliro ena, ndipo ine ndiye angandimvere.

Ndinawapeza kuchipinda kumene achemwali ankagona. Anakhala pansi, chikwama cha malemu chili chotsegula pambali pawo, kakapu kaja kali m'manja. Ndi kakapu koyera, kothyoka pang'ono pamlomo, kosakwana ndi tiyi wa mwana. Ankakatembenuzatembenuza.

"Kankamukwana kameneka?"

Ndinati eya amayi, ankamwa kangapo pa tsiku, pang'onopang'ono.

Anayang'ana kakapuko, anayang'ana mbale imene ndinanyamula. Inali ngati ija anadyera achemwali, imodzi mwa za malata zamaluwa zimene amayi amasungira alendo.

"Anandiuza kuti wakhuta," anatero. "Ndinamva bwinobwino. Ine ndinamuwonjezera."

Ndinati simunadziwe amayi, munkafuna mwana wanu akhale bwino. Sanandifunse chifukwa chimene tinawabisira, ndipo kusafunsako kunandipweteka kuposa kukalipa. Mtima wanga unasweka powaona, mayi amene anakumba nyika m'madzi a ng'ona kuti ana ake asagone ndi njala.

Ndinagwada, ndinawasendezera mbale ija. Anapukusa mutu.

"Sindifuna, mwananga."

Mawu anali atafika kale pamlomo panga, omwe aja: idyani ndione. Ndinawameza. Ndinavindikira phalalo, ndinaliika pakona, n'kukhala pambali pawo pamphasa. Kunja azakhali anafunsa ngati amayi adya, ine sindinatuluke. Mdima unalowa tili chikhalire, amayi kakapu kali m'manja. Chibadwire changa, aka kanali koyamba kuti munthu akane chakudya m'nyumba mwathu popanda womuumiriza.